Bursa: akasupe otentha ndi ulamuliro wa mzinda

Kumpoto cha kumadzulo kwa dziko la Turkey, m'tsinde mwa phiri la Uludağ, kuli mzinda wa Bursa, womwe kale unkatchedwa Prusa. Ku dera lake la Çekirge madzi amatuluka pansi ali otentha, ndipo odwala nyamakazi akhala akupitako kwa zaka mazanamazana. Funso lomwe tikufuna kuliona ndi ili: madzi ndi mphatso ya Allah, nanga nyumba zosambiramo amamanga ndi kusamala ndani, pa ndalama za yani?

Funsoli ndi lakale. Cha m'ma 110, bwanamkubwa wa Aroma Pliny adalembera mfumu Trajan kuti nyumba yosambira ya ku Prusa yakalamba ndipo anthu akufuna ina. Mfumuyo idalola, koma idachenjeza kuti asaikirepo anthu msonkho watsopano. Tikuona apa kuti khonsolo ya mzinda sinkatha kumanga popanda chilolezo cha kulikulu.

Orhan, mwana wa Osman, adalanda Bursa m'chaka cha 1326 naisandutsa likulu la ufumu wa Ottoman. Patangopita zaka zochepa, Ibn Battuta adafikako napeza nyumba ziwiri pa madzi otenthawo, ina ya amuna ina ya akazi, komanso malo ogona alendo obwera kudzafuna machiritso. Pambuyo pake Murad I adamanga ku Çekirge mzikiti wokhala ndi madrasa pamwamba pake, ndipo nyumba yosambira ya Eski Kaplıca ndi ya nyengo yakeyo. M'zaka za m'ma 1550 nduna yaikulu Rüstem Pasha idawonjezera Yeni Kaplıca.

Nthawi imeneyo kudalibe meya. Ntchito za mzinda zinkayenda kudzera mu waqf, chuma chopatulidwa chomwe sichigulitsidwa kapena kugawidwa ngati chamasiye. Ndalama za m'nyumba zosambira ndi lendi ya masitolo zinkalipira aphunzitsi, kukonza mizikiti ndi kuphikira osauka. Woyang'anira waqf ankayankha kwa qadhi, ndipo mmodzi mwa maqadhi a Bursa adali Molla Fenari, yemwe amawerengedwa kukhala Sheikh al-Islam woyamba wa ufumuwo. Misika inali m'manja mwa muhtasib, ndipo malamulo a mu 1502, pa nthawi ya Bayezid II, adalongosola miyezo ndi mitengo ya katundu wa m'misika ya Bursa.

Fiqh idali ndi mbali yake. Pa lamulo la malonda, mgwirizano womwe kuchuluka kwa chinthu sikukudziwika umakhala wokayikitsa, chikhalirecho wolowa m'nyumba yosambira sanena madzi omwe agwiritse ntchito kapena nthawi yomwe akhalemo. Ma ulama a madh-hab a Hanafi adaloleza malipirowo pa njira ya istihsan, poona kuti ndi chizolowezi cha anthu ndipo sichibala mkangano.

Dongosololi lidasintha pang'onopang'ono. Mu 1826 boma lidakhazikitsa unduna woona za waqf, mphamvu zidasamukira ku Istanbul. Chivomerezi cha 1855 chidagumula nyumba zambiri mu Bursa. Lamulo la makhonsolo a m'zigawo lidadza mu 1877, ndipo mu 1924 makhoti a Shariah adatsekedwa.

Phunziro lomwe tikutolapo ndi lakuti kasupe amatuluka yekha, koma denga lake limafuna thumba lodziwika ndi munthu wowerengera thumbalo. Allah ndiye Wodziwa koposa.