Zilembo Zothyoka za ku Germany ndi Tanthauzo Lake

Mukayang'ana dzina la nyuzipepala ya The New York Times pamwamba pa tsamba loyamba, kapena dzina la mowa wa Corona pabotolo, mumaona zilembo zonenepa, zakuda bii, zangodya zakuthwa ngati zosemedwa ndi sompho. Zilembo zimenezi zili ndi mbiri yofunika kuisinkhasinkha kwa ife amene timakonda kukambirana za kalembedwe.

Gwero lake ndi alembi a ku Ulaya amene ankakopera mabuku pamanja. Popeza zikopa zolembapo zinali zodula, iwo ankapanikiza zilembo kuti mawu ambiri akwane patsamba limodzi. Johannes Gutenberg posindikiza Baibulo lake ku Mainz cha m'ma 1455 anatengera kalembedwe komweko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, mu ulamuliro wa Mfumu Maximilian I, kunabadwa mtundu wotchedwa Fraktur. Dzinali linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuthyoka, chifukwa mizere imene ikanayenera kuzungulira imathyoka n'kupanga ngodya.

Mayiko ena a ku Ulaya atasamukira ku zilembo zachiroma, zomwe nafenso timalembera lero, Ajeremani ambiri anakakamira Fraktur ngati chizindikiro cha mtundu wawo. Otto von Bismarck ankakana kuwerenga mabuku a Chijeremani osindikizidwa m'zilembo zachiroma, ndipo mu 1911 mkanganowu unafika mpaka m'nyumba ya malamulo. Chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, zilembo zothyoka, makamaka zonenepa monga Tannenberg, zinadzaza pazikwangwani ndi pamitu ya nkhani.

Koma pa 3 Januwale 1941, Martin Bormann, m'dzina la Adolf Hitler, analemba kalata yolamula kuti zilembozi zisiyidwe, ati chifukwa zinachokera kwa Ayuda. Limeneli linali bodza lamkunkhuniza, ndipo chodabwitsa n'chakuti mutu wa kalatayo unali wosindikizidwa m'zilembo zomwezo. Olemba mbiri ambiri amati chifukwa chenicheni chinali chakuti anthu a m'mayiko amene Germany inalanda ankavutika kuwerenga malamulo ake.

Mu 1941 maonekedwe a zilembozi sanasinthe ngakhale pang'ono; chimene chinasintha ndi zofuna za olamulira. Lero zilembo zomwezo zili pamwamba pa nyuzipepala ya Frankfurter Allgemeine Zeitung posonyeza kukhazikika ndi ulemu, pamene oimba nyimbo za heavy metal amazikonda posonyeza ukali.

Ophunzira za zilankhulo timadziwa kuti liwu silibadwa ndi tanthauzo, koma anthu ndiwo amalipatsa. N'chimodzimodzinso maonekedwe a chilembo. Choncho wina akatiuza kuti kalembedwe kakutikakuti ndiko kenikeni ka Chichewa kapena Chinyanja, kaya ndi pankhani ya ŵ kapena ina iliyonse, tizimufunsa modekha kuti anakakhazikitsa ndani, liti, ndiponso pofuna chiyani.