Mbiri ya ntchito yochotsa makhololo m'mapapo

M'njira zimene mpweya umadutsa popita m'mapapo muli tiubweya tosaoneka ndi maso, tomwe madokotala amati cilia. Selo limodzi limakhala ndi tiubweya pafupifupi 200, ndipo timakupiza kopitirira ka 10 pa sekondi, n'kumakankhira makhololo kummero pamodzi ndi fumbi komanso tizilombo tokodwa m'menemo. Munthu amangomeza osadziwa n'komwe. Jan Evangelista Purkyně ndi Gabriel Valentin anafotokoza za kukupiza kumeneku mu 1834 ali ku Breslau, koma odwala sanapindule nazo msanga. Panalibe amene akanatha kukonza tiubweyato tikafooka, choncho kwa zaka zoposa 150 chithandizo chambiri chinkachokera kunja kwa chifuwa.

Mu 1901 William Ewart, dokotala wa ku London, analemba za kugoneka wodwala mutu uli kumunsi, bedi litakwezedwa kumiyendo, kuti makhololo atsike okha. Ankathandiza anthu odwala bronchiectasis, matenda amene njira za mpweya zimafutukuka n'kumadzaza mafinya, ndipo mpaka lero amatsalira anthu ambiri ochira TB, ku Malawi komwe. Cortlandt MacMahon anawonjeza maphunziro a kapumidwe mu 1915 pothandiza asilikali ovulala pachifuwa, ndipo Winifred Linton anapititsa luso limeneli patsogolo pachipatala cha Brompton kuyambira 1934. M'kupita kwa nthawi kuomba kunakhala mbali ya ntchitoyi. Wothandiza amapinda dzanja kuti pakati pakhale mpweya, n'kumaomba pamsana ndi m'nthiti mosinthanitsa manja. Kukamveka ngati khofi ndiye kuti dzanja laphwatalala, ndipo wodwala akungomva kuwawa.

Ntchitoyi inalowa m'makomo chifukwa cha cystic fibrosis, matenda obadwa nawo amene Dorothy Andersen anawafotokoza ku New York mu 1938. Makhololo a ana otere amakhala onanda kwambiri moti tiubweya timalephera kuwasuntha, ndipo makolo ndi amene ankaomba ana awo tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo. M'zaka za m'ma 1950, poliyo atapuwalitsa minofu yopumira ya anthu ambiri, Alvan Barach ndi anzake anapanga makina okankhira mpweya m'mapapo kenako n'kuukoka mwadzidzidzi, kutsokomolera munthu amene sangathe yekha.

Umboni woti tiubweya ndito timagwira ntchito yaikulu unachokera kosayembekezeka. Mu 1933 Manes Kartagener wa ku Zürich anali atalemba za odwala amene ankavutika m'chifuwa ndi m'mphuno kwinaku mtima wawo uli kumanja. Mu 1975 Björn Afzelius wa ku Sweden, pofufuza amuna osabereka amene mbewu zawo sizinkayenda, anapeza kuti michira ya mbewuzo ilibe timikono ta puloteni ya dynein, imene imayendetsanso tiubweya ta m'mapapo. Amuna otere ankavutikanso m'chifuwa ngati odwala a Kartagener aja, ndipo chifuwa chawo chosatha ndi kusabereka kwawo zinali ndi gwero limodzi.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinabweretsa zipangizo zomasula wodwala kuti asadalire manja a wina: chigoba cha ku Denmark chopumira mokankha, kachipangizo ka Flutter kokhala ndi kampira kachitsulo kogwedeza mpweya, ndi chovala chonjenjemeretsa chifuwa chimene Warren Warwick anathandiza kupanga ku Minnesota. Zonsezi zimangotakasa makhololo, kutulutsa kumadalirabe kutsokomola. Ndipo zipangizo zina zinabweretsa vuto latsopano. Kachubu ka silikoni kamene Jean-François Dumon wa ku Marseille anafalitsa mu 1990 kamatsegula njira ya mpweya yopanikizika, koma kamaphimba tiubweya ta pamalopo, ndiye makhololo amaunjikana mpaka kutseka kachubuko.

Apa ndi pamene tiubweya topanga tikufunikira. Mu 2007 gulu la Richard Superfine ku Chapel Hill linaonetsa timitengo tofewa tosakaniza ndi zitsulo, toyendetsedwa ndi maginito, ndipo mu 2008 gulu la Jaap den Toonder ku Eindhoven linaonetsa tina toyendera magetsi. Chovuta sichinali kuchepa kwake kokha. Pa tinthu tating'ono chonchi, kupita ndi kubwerera mofanana sikusuntha madzi ngakhale pang'ono. Kaubweya kenikeni kamapita kali chiimire, pobwerera n'kudzipinda, ndipo kalikonse kamatsalira mnzake pang'ono, moti tonse pamodzi timaoneka ngati mpunga ukuweyula ndi mphepo kudambo. Kutsanzira zimenezi ndi kumene kwadya zaka zambiri.

Posachedwapa akatswiri a ku Vanderbilt University ku Nashville anaika tiubweya ta maginito m'kati mwa kachubu ka m'njira ya mpweya, toyendetsedwa ndi maginito ozungulira ali kunja kwa thupi. Zoterezi zikadali zoyesera, sizinafike pa odwala m'zipatala. Makhololo amasintha kunanda kwake malinga ndi matenda, mabakiteriya amakonda kumera pa chinthu chilichonse choikidwa m'thupi, ndipo mphamvu ya maginito imachepa msanga chifukwa cha mtunda wochokera kunja kwa chifuwa kukafika m'njira ya mpweya.