GALIMOTO YA ANTHU WAMBA: KUCHOKERA KU JAPAN KUFIKA KUMAPIRI A DOWA

Munthu akaima m'mbali mwa msewu wopita ku boma la Dowa, kapena wochokera ku Mponela kukwera ku Ntchisi, sipapita nthawi yaitali asanaone kagalimoto kakang'ono katadzaza ndi anthu kuti tho. Kawirikawiri chitseko chake chakumbuyo chimakhala chomangidwa ndi chingwe chifukwa matumba a mtedza ndi soya akana kuti chitsekeke. Nyengo ya chilimwe timagalimoto timeneti timalowanso m'misewu ya fumbi yopita kumidzi ya kumapiri monga ku Nachisaka, kukatenga alimi, odwala ndi ana a sukulu. Dzina lake ndi Sienta, ndipo ngakhale mwana woweta mbuzi amalidziwa. Komabe amene anapanga galimotoyi sankaganizako n'komwe za mlimi wa ku Dowa. Mbiri ya momwe inafikira kuno ikusonyeza kuti kupanga chinthu chotsika mtengo ndi ntchito ina, ndipo kuchititsa anthu kuti achikonde ndi kuchigula ndi ntchito inanso.

Kalekale, pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ankakhazikitsa mishoni ya Mvera m'chaka cha 1889 ndi ya Kongwe m'chaka cha 1894, m'mapiri amenewa munalibe msewu wa galimoto. Katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga, ndipo Azungu ankanyamulidwa pamachila. Magalimoto atayamba kufika, anali a abwanamkubwa, a eni minda ikuluikulu ndi a amalonda olemera. Ngakhale dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, munthu wa kumudzi ankadalirabe miyendo yake, njinga yakapalasa, ngolo, kapena basi ya kampani ya United Transport Malaŵi, imene inagulidwa ndi kampani ya Stagecoach m'chaka cha 1989. Kumene basi sinkafika, anthu ankakwera matola, atakhala pamwamba pa mabelo a fodya, fumbi likuwathira m'maso. Mwana wa kumudzi ankangoumba galimoto ya dothi kapena kupinda ya mawaya, podziwa kuti yeniyeniyo ndi ya ena.

Maganizo oti munthu wamba naye akhoza kukhala ndi galimoto anayambira kutali. Ku America, Henry Ford anatulutsa galimoto yotchedwa Model T m'chaka cha 1908 pa mtengo wa madola 850. M'chaka cha 1913 anakonza fakitale yake mwa njira yatsopano: galimoto inkayenda pa lamba, wantchito aliyense ataima pamalo ake n'kumamangirira chitsulo chimodzi chokhachokha. Ntchito imene inkatenga maola 12 inayamba kutha mu ola limodzi ndi theka, ndipo mtengo unatsika mpaka kuchepera madola 300. Pofika mu 1927 magalimoto amenewa anali atapangidwa oposa 15 miliyoni. Ford anaonetsa dziko lapansi kuti mtengo umatsika pamene chinthu chikupangidwa chambiri. Kuyambira pamenepo mayiko ambiri analakalaka kukhala ndi galimoto yawoyawo ya anthu wamba.

Mu Afrika namonso anayesa. Ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, boma linagwirizana ndi kampani ya Fiat ya ku Italy kuti magalimoto ang'onoang'ono azilumikizidwa mumzinda wa Livingstone. Koma zitsulo zonse zofunika zinkachokera kunja, ogula anali ochepa, ndipo ndalama zakunja zitayamba kusowa ntchitoyo inazilala. Ku Kenya, Pulezidenti Daniel arap Moi anapempha akatswiri a pa Yunivesite ya Nairobi m'chaka cha 1986 kuti apange galimoto ya dziko lawo. Magalimoto oyesera otchedwa Nyayo Pioneer anaonetsedwa m'chaka cha 1990, koma sanafike pomagulitsidwa pamsika.

Kuyesa kumene kunatchuka koposa kunachitika ku India. Ratan Tata, mkulu wa makampani a Tata, ankaona mabanja akuyenda panjinga yamoto imodzi: bambo akuyendetsa, mwana ataimirira kutsogolo, mayi atakhala kumbuyo khanda lili m'manja, mvula ikuwavumba. Iye anatsimikiza mtima kuti awapangire galimoto ya mtengo wa marupi 100,000, ndalama zimene pa nthawiyo zinali pafupifupi madola 2,500. Amisiri ake anachotsa chilichonse chimene chikanakweza mtengo. Anaika kainjini ka 624cc kumbuyo, chopukutira galasi chimodzi m'malo mwa ziwiri, ndi manati atatu okha pa tayala lililonse. Galimotoyo anaitcha Nano, ndipo inaonetsedwa koyamba mumzinda wa New Delhi mu Januwale 2008, dziko lonse lapansi likuombera m'manja.

Mavuto sanachedwe. Alimi a ku Singur anakana kuti minda yawo itengedwe kuti pamangidwe fakitale, motero mu Okotobala 2008 kampani inasamukira ku Sanand, m'chigawo cha Gujarat, ndipo ogula anadikira nthawi yaitali. Magalimoto angapo anayaka moto, nkhani yake n'kufalikira ngati moto wa kutchire. Koma chopunthwitsa chachikulu chinali m'kanenereredwe ka malondawo. Paliponse Nano inkatchulidwa kuti ndi galimoto yotsika mtengo kuposa ina iliyonse padziko lapansi. Opangawo anaiwala kuti munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri amafuna kuti akafika kwawo abale amuone kuti wakwera, osati azimuloza chala kuti wagula galimoto ya amphawi. Ambiri anasankha kukhalabe ndi njinga zawo zamoto kapena kugula galimoto yakale ya dzina lolemekezeka. Fakitale ya ku Sanand inkatha kupanga magalimoto 250,000 pa chaka, koma m'chaka chimene malonda anayenda bwino koposa anagulitsa osafika 75,000. M'chaka cha 2018 kupanga Nano kunatha. Ratan Tata mwini wake anavomereza kuti kunali kulakwitsa kuitsatsa monga galimoto yotchipitsitsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula: amisiri anayeza thumba la wogula, koma mtima wake sanaufunse.

Galimoto imene inafika m'manja mwa Amalaŵi wamba inadzera njira ina, imene palibe anaikonzeratu. Ku Japan misewu ya m'mizinda ndi yopapatiza ndipo malo oimikapo galimoto ndi odula, choncho makampani a kumeneko anazolowera kupanga magalimoto ang'onoang'ono osamwa mafuta ambiri. Kampani ya Toyota inatulutsa Vitz mu 1999, Probox mu 2002, Sienta mu 2003 ndi Passo mu 2004. Sienta anaipangira mabanja achinyamata a m'tauni, okhala ndi ana aang'ono. Anaipatsa injini ya 1,500cc, mizere itatu ya mipando yokwana anthu 7, ndi zitseko zam'mbali zotsetsereka kuti mayi wonyamula mwana alowe mosavuta ngakhale pamalo pothina. Dzina lakelo mbali ina linachokera ku liwu la Chisipanishi lakuti siete, kutanthauza zisanu ndi ziwiri.

Ku Japan kulinso lamulo lotchedwa shaken, lolamula kuti galimoto ipimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kupimitsako kumadya ndalama zambiri, motero eni ake ambiri amagulitsa magalimoto akadali olimba n'kugula atsopano. Magalimoto osiyidwawo amagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wotsika kwambiri. Mwayi wina ndi wakuti ku Japan amayendetsa galimoto kumanzere kwa msewu monga m'Malaŵi, ndipo chiwongolero chimakhala kumanja. Galimoto yochokera kumeneko sifuna kusinthidwa kalikonse kuti iyende pa msewu wa M1.

Kuno khomo linatseguka m'chaka cha 1994, pamene ndale za zipani zambiri zinabwerera ndipo malamulo a malonda ndi a ndalama zakunja anafewetsedwa. Poyamba kunabwera maminibasi, amene pang'ono ndi pang'ono analanda malonda a mabasi akuluakulu. Kenaka intaneti inasintha kagulidwe konse. Makampani a ku Japan, monga Be Forward imene inayamba m'chaka cha 2004 ku Tokyo, anayamba kuika zithunzi ndi mitengo ya magalimoto poyera, kotero kuti mphunzitsi wa ku Mponela ankatha kusankha galimoto pafoni ali pakhonde pake. Akalipira kubanki, galimotoyo inkakwera sitima ya pamadzi mpaka ku doko la Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko inkayendetsedwa pamsewu kudzera ku Mbeya mpaka ku chipata cha Songwe m'boma la Karonga, itapachikidwa nambala yongoyembekezera yoyamba ndi zilembo za IT. N'chifukwa chake anthu anayamba kutchula magalimoto ongofika kumene kuti ma IT. Popeza msonkho wa bungwe la MRA umayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, anthu ambiri anathamangira magalimoto a injini zazing'ono.

Ogulitsawo anadziwa kuti Mmalaŵi sangatumize ndalama zake kutsidya la nyanja kwa munthu amene sanamuonepo. Chofunika chinali kugula chikhulupiriro. Kampani ya Be Forward inasankha njira ya mpira wamiyendo: inayamba kuthandiza timu ya Wanderers ya ku Blantyre, imene kwa zaka zingapo inkatchedwa Be Forward Wanderers, ndipo inatenga chikho cha ligi yaikulu m'chaka cha 2017 ili ndi dzina limeneli. Loweruka ndi Lamlungu lililonse aulutsi a mpira pa wailesi ankatchula dzina la kampaniyo kambirimbiri, mpaka linafika m'midzi imene munalibe ngakhale chikwangwani chimodzi cha malonda. Galimoto iliyonse yofika inkabweranso ndi chizindikiro cha wogulitsa chomatidwa kumbuyo, n'kumalengeza malondawo paliponse pamene yadutsa.

Komabe wonenerera malonda wamkulu anali woyendetsa mnzake. Amalaŵi anaona mu Sienta chinthu chimene eni ake sanachione. Mipando yonyamulira ana ku sukulu ku Japan inasanduka mipando ya okwera olipira. Minibasi imadikira nthawi yaitali kuti idzaze, pamene Sienta imadzaza msanga n'kunyamuka. Wina akagula n'kubweza ndalama zake, anzake pa siteji ankaona ndi maso awo, nawonso n'kuitanitsa yawo. Magalimoto atachuluka, masipeya ake anadzaza m'misika ndipo amakaniko a pansi pa mtengo anaidziwa injini yake ngati chikhatho chawo. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi Nano. Nano inali yatsopano koma yonyozeka. Sienta inali yakale koma ya dzina lodziwika. Nano inkangodya ndalama za mwini wake. Sienta inkamubweretsera ndalama tsiku ndi tsiku.

Koma walira mvula walira matope. Galimotoyi inapangidwira misewu ya phula yosalala, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. M'zitunda za miyala za ku Dowa ndi Ntchisi imakhula pansi, ndipo mvula ikagwa imatitimira m'matope, kusiya midzi ya kutali yopanda choyendera pa nthawi imene malungo amavuta kwambiri. Oyendetsa ena, pofuna kupeza phindu, amapanikiza anthu 10 kapena kuposerapo m'malo a anthu 7, ndipo ngozi ikachitika pamtsetse mabanja ambiri amalira tsiku limodzi. Kuwonjezera apo galimotoyo, masipeya ake ndi mafuta ake zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zimene mbali yaikulu imachokera ku fodya wa alimi omwewo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galimoto yotsika mtengo ija inakwera mtengo ngakhale kuti ku Japan sinasinthe kanthu. Mtengo wokwerera nawo unakwera, ndipo mtolo wake unagwera mayi wopita kuchipatala ndi mlimi wopita kumsika.

Mpata umene galimoto yasiya watsekedwa ndi njinga yamoto ya kabaza, imene imakwera zitunda ndi kudutsa m'tinjira ta m'minda. Motero m'mapiri a ku Nachisaka si chachilendo kuona bambo, mayi ndi khanda ali panjinga yamoto imodzi, mvula ikuwavumba, chithunzi chomwe chija chimene chinamvetsa chisoni Ratan Tata ku India. Izi zikusonyeza kuti funso limene iye anafunsa silinayankhidwebe. Galimoto yopangidwira msewu wa kumudzi wa mu Afrika, yokwera m'mwamba, yolimba, yosavuta kukonza, yokwanira thumba la mlimi komanso yosamuchititsa manyazi, ikudikirabe woipanga. Amene adzaipange adzayenera kuyamba wayenda m'misewu imeneyi nyengo ya dzinja, n'kukhala pansi pa siteji kumvetsera zimene oyendetsa ndi okwera amadandaula, asanajambule ngakhale tayala limodzi.