Hockey East si msonkhano

Mnyamata wina wa ku sekondale kuno ku Nkope anandionetsa pa foni yake masewero a hockey ya pa ayisi, ophunzira a m'makoleji a ku America akuthamangitsana ndodo zili m'manja. Pondimasulira zolembedwa pansi pa kanemayo anati, "Agogo, akuti timu iyi yapambana pa msonkhano wa Hockey East." Chingerezi amachidziwa mwanayu. Chinamusocheretsa ndi dikishonale, imene inamuuza kuti "conference" ndi msonkhano, iye n'kungotola osafunsa kuti chinthucho chimagwira ntchito yanji.

Msonkhano ndi pamene anthu akhala pansi n'kumakambirana, monga amachitira asodzi padoko nyengo yotseka nyanja ikayandikira. Hockey East, imene inayamba mu 1984, ndi gulu la makoleji a kumpoto chakum'mawa kwa America, monga Boston College, Boston University, Providence ndi Maine, amene anapangana kuti azipikisana chaka ndi chaka. Katswiri wa gululi amalowa mu mpikisano wa dziko lonse wa NCAA wa matimu 16, ndipo anayi otsala kumapeto amakakumana pa Frozen Four. Nanga zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ana athu pansi pa bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA amayambira kuzoni, n'kupita kuboma, kenako kuchigawo. Liwu loyenera tili nalo kale: ligi. Ndi lobwereka, inde, koma linakhazikika ngati "sukulu" ndi "buku", ndipo amayi ogulitsa usipa pamsewu wa ku Monkey Bay akalimva sakufunsani kawiri.

Pa liwu la "kochi" mtima wanga ndi wouma pang'ono. Pabwalo, fumbi lili koboo, mufuule mmene mungafunire. Koma polemba ndi poulutsa mawu tizinena kuti mphunzitsi, monga tinkanenera za Kinnah Phiri pamene anapita ndi Flames ku Angola mu 2010 n'kukaswa Algeria 3-0. Liwu lathuli limanyamula katundu amene lobwerekalo limasiya panjira. Mphunzitsi amalangiza, amadzudzula, amafunsa ngati mwana wadya. Jerry York anaphunzitsa timu ya Boston College kuyambira 1994 mpaka 2022, ndipo pa ntchito yake yonse anapambana masewero oposa 1,100. Anyamata ake anali ophunzira, ofika n'kumachoka pakatha zaka zochepa, iye n'kuyambanso kuumba ena. Munthu wotero mungamutchule chiyani china? Ndipo tikamuyandikira timati "aphunzitsi", ulemu uli m'kati mwa liwu lomwelo.

Za bwalo lakelo ndamva ena akuti amasewera "pa matalala". Ayi. Matalala amagwa ndi mvula n'kuboola masamba a chimanga. Ena amati "pa chipale", koma chipale chofewa munthu amatitimiramo, sangatsetsereke. Bwalolo ndi madzi oundana, osalala, olimba gwa. Ife a kunyanja timawadziwa bwino, chifukwa ndi omwe ogula chambo amathira m'mabokosi kuti nsomba ikafike ku Limbe isanavunde. Iwo amati ayisi, ndipo ine ndivomerezana nawo.

Mnyamata uja anadzandifunsa ngati kachimbale kakuda kamene amakamenya ndi ndodo tingakatche mpira, poti si kobulungira. Funso limeneli linandikondweretsa kuposa onse. Ambiri aiwala kuti mpira ndi dzina la chipangizo, chomwe chija timadula pa chubu cha njinga pomanga legeni kapena pomangira dengu la utaka pakaliyala. Wa miyendo uja anatengera dzina pamenepo. Kachimbaleko n'kopangidwa ndi mpira wouma weniweni, ndipo amakaika mufiriji masewero asanayambe kuti kasamadumphedumphe. Ndinamuuza kuti alembe "mpira" osaopa, ndipo wina akamutsutsa amutume kwa wokonza njinga.