Kuchokera pa wailesi ya poto kufika pa sitetasi: mmene malonda a ku Chipangali anapezera pakamwa

Azakhali anga amagulitsa salaula pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wa Lundazi, m'boma la Chipangali. Belo likafika kuchokera ku Chipata sathamangiranso kuyala pansi ngati kale. Amayamba asankha madiresi asanu ooneka bwino, kuwakutumula, kuwapachika pa mpanda wa udzu pomwe dzuwa likuwomba, kenako nkuitana mdzukulu kuti ajambule. Zithunzi zimakwera pa sitetasi ya WhatsApp. Zikakwera, iwo amayandikiza foni kukamwa ngati akupepera phala, nkutumiza mawu ku gulu la amayi a kutchalitchi: amayamba ndi moni, kufunsa za odwala, kenako nkunena kuti belo latsegulidwa ndipo wochedwa adzapeza zotsala. Kulemba sakonda. Amati zilembo sizimveka ulemu.

Ana a sukulu amaganiza kuti kutsatsa kotereku kunabwera ndi foni. Ine ndikuti mizu yake ili pa wailesi, ndipo nkhani yake ndi yaitali.

Pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, boma la atsamunda linayambitsa nyuzipepala ya Mutende mu 1936, yomwe inkatuluka m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zina za m'dziko muno, Chinyanja chili pomwepo. Koma odziwa kuwerenga anali ochepa, ndipo pepala limodzi linkazungulira mudzi mpaka kung'ambika. Chimene chinalowadi m'nyumba za anthu chinali wailesi yotchipa yomwe inafika mu 1949. Mkulu woona za nkhani m'boma, Harry Franklin, ndiye anakakamira kuti ipangidwe, ndipo kampani ya Ever Ready inaipanga m'chigoba chofanana ndi poto, nchifukwa chake inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Kudzera m'kapotoka, anthu a kum'mawa anamva Chinyanja chikuchokera ku Lusaka, pa Central African Broadcasting Station, komwe Alick Nkhata ankaulutsa mawu ndi kuimba. Ufulu utabwera mu 1964, boma linkatulutsanso nyuzipepala ya Chinyanja yotchedwa Tsopano.

Zonsezi zinali ndi vuto limodzi: Lusaka inkayankhula, mudzi nkumamvera. Munthu wa kwa Chanje kapena kwa Kapatamoyo wofuna kugulitsa ng'ombe analibe khomo lolowera. Ankadalira chilengezo cha pambuyo pa mapemphero, kapepala kokhomedwa pa chitseko cha chigayo, kapena mnyamata wa njinga wopita ku boma.

Khomo linatseguka ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1991, boma litalola kuti pakhale mawailesi ena. Ku Chipata kunabwera Radio Maria, kenako mu 2002 mtolankhani Mike Daka anakhazikitsa Breeze FM. Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa mpamene zinthu zinatembenukira. Kwa nthawi yoyamba mlimi ankatha kulowa mu ofesi ya wailesi, kulipira kandalama, nkumva uthenga wake ukuwerengedwa madzulo omwewo: maliro, mbuzi yosowa, ngolo yogulitsa. Pa wailesi imeneyi mpamene panatchukira Gogo Breeze, a Peter Grayson Nyozani Mwale, omwe kale anali mphunzitsi. Ankawerenga makalata a omvera, kuyenda m'midzi ndi chojambulira mawu, ndi kuyankha madandaulo monga agogo amayankhira adzukulu, mwambi apa, chidzudzulo apo. Mbiri yawo inafika kutali moti Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge anawalembera buku lonse lomwe linatuluka mu 2018. Amalonda a m'tauni anaphunzirapo kanthu pa nthawi imeneyo: munthu wa kuno amatsegula chikwama akamva mawu amene amawadziwa, oyankhula chilankhulo chake, omupatsa ulemu wake.

Intaneti inali itafika kale m'dziko muno mu 1994, kudzera ku ZAMNET ya pa University of Zambia, koma kumudzi inali nkhani ya m'maluwa. Mafoni a m'manja ndiwo anayamba kufika: Celtel, yomwe inasanduka Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, ndi Telecel yomwe inasanduka MTN mu 2005. Amene tinalipo timakumbukira kukanda kakhadi ka tokotaimu ndi chikhadabo, ndi kuliza foni ya mnzako kamodzi nkudula kuti iye aimbe.

Chaka cha 2014 ndicho chinasonkhanitsa zinthu. M'mwezi wa July, Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira pulogalamu yake ya Internet.org, mogwirizana ndi Airtel, kuti munthu azilowa pa Facebook ndi masamba ena ochepa popanda kulipira. Ena anadzudzula kuti kampani imodzi ikusankhira osauka zoti aone, ndipo sanalakwe. Koma achinyamata ambiri a kuno analowera khomo lomwelo, moti mpaka lero alipo amene akati intaneti amatanthauza Facebook. Chaka chomwecho Facebook inagula WhatsApp, ndipo mu December Google Translate inawonjezera Chichewa.

Tikayerekeza ndi anzathu oyankhula Chisipanishi, timaona kusiyana. Facebook itafuna kutuluka m'Chingerezi mu 2008, chilankhulo choyamba chinali Chisipanishi, ndipo omasulira anali ogwiritsa ntchito eni ake, mongodzipereka. Ku United States kalembera wa 2020 anapeza anthu a Latino oposa 60 miliyoni, ndipo makampani akuluakulu amalemba ntchito anthu oti aziyankhula nawo m'chilankhulo ndi m'nthabwala zawo. Ife palibe anatithamangira choncho. Mabatani a pa foni ya azakhali ali m'Chingerezi, ndipo iwo amawadziwa ndi malo ake, monga munthu amadziwira pomwe pali machesi mumdima. Chinyanja chinalowa pa intaneti chifukwa eni ake anachilowetsa okha, chosakanizika ndi Chinsenga, Chitumbuka ndi Chingerezi. Wina amalemba "cimanga" monga anaphunzirira kusukulu ya ku Zambia, wina wa kutsidya kwa malire a Mwami amalemba "chimanga", ndipo sindinaonepo malonda akulephereka chifukwa cha "h" ameneyo.

Chipangali inakhala boma payokha mu 2018, itapatulidwa ku Chipata. Ndi dera la alimi: chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Nyengo yokolola ikafika, magulu a WhatsApp a makalabu a alimi amatentha. Wina amajambula matumba ake ataunjikidwa pakhonde, wina amafunsa kuti meda ya nshawa ikuyenda bwanji ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, wina amachenjeza kuti sikelo ya wogula wina ikuba. Kale wogula woyendayenda akafika ndi lole ankanena mtengo nkukhala womwewo, chifukwa mlimi analibe pofunsira. Lero amafunsa. Koma tisanamizane: kudziwa mtengo wa ku Chipata sikubweretsa lole pakhomo. Mlimi amene ali kutali ndi tala, mwana akufuna fizi Lolemba, amagulitsabe kwa amene wafika. Ndipo alipo amene amayenera kukwera pachulu kuti uthenga uchoke, atalipira kale kutchajitsa foni kwa mwini sola.

Mbava nazonso zinalowa. Ndani sanalandirepo uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija yavuta? Msuweni wanga anatumiza ndalama ya feteleza kwa munthu amene anamuona pa tsamba lina, zithunzi za matumba zili mbwee, ndipo nambalayo inazima tsiku lomwelo. Sanamvepo mawu a munthuyo ngakhale kamodzi.

Tinaonanso kuti msika umenewu uli ndi mwini chitseko. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko lonse, ndipo zinatsegulidwa bungwe la Chapter One Foundation litapita ku khoti lalikulu. Ambiri anadandaula za ndale. Azakhali anadandaula za belo lomwe anali atatsegula dzulo lake.

Breeze FM ikadalipo, ndipo madzulo azakhali amaika wailesi pa mpando, foni pa chitenje, nkumamvera zonse ziwiri. Ndinawafunsa ngati saopa kuberedwa ndi anthu owatumizira ndalama pa foni. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Diresi samupatsa munthu amene sanamumve mawu, ndipo wachilendo akalemba, amamuimbira kaye nkumufunsa kuti ndi mwana wa yani, wa mudzi uti.