Madimba a ku New York: wolima ndi wina, mwini nthaka ndi wina

Tikamva za New York timaganiza za nyumba zosanjikizana zofika kumitambo. Koma ine chimene chimandikoka mtima m'mbiri ya mzindawu ndi madimba. Eya, madimba enieni a tomato, nyemba ndi maluwa, olimidwa pa nthaka ya khonsolo ndi anthu osalandira olo kakobiri.

Nkhaniyi idayamba ndi umphawi. M'zaka za m'ma 1970 thumba la mzindawu lidabooka, moti mu 1975 udatsala pang'ono kumira m'ngongole. Eni nyumba ambiri adalephera misonkho n'kuzithawa nyumba zawo. Zina zidapsa, zina zidagumulidwa, ndipo malowo adagwera m'manja mwa khonsolo yomwe idalibe ndalama zowasamalira. Mabwinjawo adasanduka kudzala: zinyalala, makoswe, zigoba za magalimoto.

Mu 1973 mayi wina wojambula zithunzi, Liz Christy, adatopa nazo. Iye ndi anzake adapanga gulu lotchedwa Green Guerillas. Poti mabwinja ambiri adali otchingidwa ndi mawaya, ankathira mbewu, feteleza ndi madzi m'mabaluni n'kuponya kuseri kwa mpanda. Kenako adalowa pa bwinja la pamphambano ya misewu ya Bowery ndi Houston, kuwola zinyalala, kuthira dothi labwino, n'kubzala. Chilolezo chidabwera pambuyo: mu Epulo 1974 khonsolo idawabwereka malowo pa lendi ya dola imodzi pamwezi.

Ena ataona adatengera, makamaka m'madera a anthu osauka. Mu 1978 khonsolo idakhazikitsa ndondomeko ya GreenThumb, yopereka zilolezo, zipangizo ndi mbewu kwa ongodziperekawa. Kwa khonsolo chidali chamwayi: mabwinja akusamalidwa popanda kulipira wantchito. Koma m'panganomo mudali mbedza. Malowo adali obwereka, ndipo tsiku limene mwini wake awafune, olima achoke.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa. Dimba likakongola, dera limakongola. Dera likakongola, mtengo wa malo umakwera. Thukuta la ongodzipereka lomwelo ndi limene lidathandiza kuitana ogula. Mu 1999 mfumu ya mzinda, Rudy Giuliani, idaika madimba oposa 100 pa okushoni. Mfundo yake idali yoti mzinda ukusowa nyumba, ndipo kunena chilungamo, nyumba zinkasowadi. Koma amene adakhetsa thukuta zaka makumi awiri adalibe pepala lililonse lowapatsa umwini.

Alimiwo sadapinde manja. Adachita zionetsero, ena atavala ngati masamba ndi maluwa, ndipo nkhani idafika kukhothi. Kutatsala tsiku limodzi kuti okushoni ichitike mu Meyi 1999, mabungwe awiri, Trust for Public Land ndi New York Restoration Project la woyimba Bette Midler, adagula madimbawo ndi ndalama zoposa madola 4 miliyoni. Tangoganizani abale: malo omwe anthu adawatola kudzala, adachita kuwaombola ndi mamiliyoni!

Si onse adapulumuka. Mu Febuluwale 2000 dimba la Esperanza lidagumulidwa, apolisi atamanga anthu omwe ankaliteteza. Mlandu womwe adatsegula Eliot Spitzer, mkulu wa zamalamulo m'chigawo cha New York, udatha mu 2002 pamene mfumu yatsopano, Michael Bloomberg, idasaina pangano. Madimba mazana angapo adatetezedwa, ena adaperekedwa kuti pamangidwe nyumba. Lero pansi pa GreenThumb pali madimba oposa 550, ndipo la pa Bowery lija lidakalipo, likudziwika ndi dzina la Liz Christy, yemwe adamwalira mu 1985.

Chimene ndatolapo ine n'chakuti khasu lokha silikwanira. Anthu awa adaonetsa kuti ongodzipereka angathe kuchiritsa nthaka yomwe boma lailephera, koma madimba omwe adatsala adapulumuka chifukwa cha gulu lolimba, makhothi ndi mapangano olembedwa. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiye khonsolo ikatiitana kukabzala mitengo kapena kukakonza paki, tiyeni tipite ndithu, makasu paphewa. Koma tisanakumbe dzenje loyamba, tifunse mwaulemu: mitengoyi ikadzakula, malo ano adzakhalabe paki? Nanga zimenezo zalembedwa pati?