Mpeni wa m'thumba unapita kuti?

Sabata ino mpata ndi wanga, ndipo ndabwera ndi mbiri ya kanthu kakang'ono. Musanapitirize kuwerenga, tapisani m'thumba mwanu. Muli foni, makiyi, chiphaso cha unzika, mwina ndi katchenji ka minibasi. Mpeni mulibe, eti? Tsopano kumbukirani agogo anu aamuna, kapena malume aja ankabwera pa njinga atamanga mwendo wa buluku ndi kachingwe. Iwowo ndalama zinkatha kusowa m'thumba, fodya ankatha kusowa, koma mpeni wopinda ayi. Pakati pa iwo ndi ife pangodutsa mibadwo iwiri basi, ndipo palibe anakhala pansi kulengeza kuti kuyambira lero amuna asiye kuyenda ndi mipeni. Zinangotha ngati madzi a m'chithaphwi.

Tiyambire pa nthawi imene thumba lenilenilo kunalibe. Makolo athu akuvala chiwondo ndi zikopa, mpeni unkakhala m'chimake, chimakecho m'chiuno. Sunkagulidwa m'sitolo, unkasulidwa pa chipala, mvukuto ukulira. Kuno kwathu ku Nsanama, komwe Chiyao ndi Chichewa zimayenda limodzi pamsika, akuluakulu amautcha chipula. Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao lomwe linatuluka mu 1919, anafotokoza za Achisi, fuko la osula zitsulo pakati pa Ayao. Anthu amenewa ankasula makasu, nkhwangwa ndi mipeni, n'kumayenda nazo mudzi ndi mudzi kusinthanitsa, ndipo maulendo amenewo ndi omwe anakula mpaka kukafika kunyanja yaikulu, ku Kilwa. Tisabise, njira zomwezo n'zimene pambuyo pake zinadzanyamula minyanga ndi akapolo, mpaka azungu anadzamenyana ndi mfumu Kawinga pa phiri la Chikala mu 1895. Koma ine monga wamalonda ndimanyadira kuti geni ya kuno inayamba ndi chitsulo chosula ndi manja.

Thumba linabwera ndi kabudula wa khaki, ndipo mpeni wopinda unatsatira thumba. Masitolo a Mandala, kampani ija inayamba mu 1878, ndi timasitolo ta amwenye tomwe tinadzaza m'matauni ang'onoang'ono, ndi omwe anayamba kuika pa kauntala mipeni yochokera kunja. Usilikali nawo unathandiza. Anyamata ambiri a chigawo chino analowa KAR ku Zomba, ena mpaka anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri, ndipo m'gulu la nkhondo la Britain mpeni wopinda wokhala ndi chotsegulira zitini unali katundu wa msilikali.

Apa ndiimeko pang'ono chifukwa amayi a m'gulu lino andifunsa. Mpeni wa m'thumba unali wa amuna chifukwa thumba linali la amuna. Chitenje chilibe thumba, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku mpaka mphepo ya matipate itaomba. Sikuti amayi analibe mipeni. Wawo unkakhala m'dengu popita ku bowa, kapena pa tsindwi la khitchini, wakuda ndi utsi, wotha pakati chifukwa chonoledwa pa mwala tsiku ndi tsiku. Umenewo ndiye sunathe mpaka lero.

Mfumu ya mipeni yonse ya m'thumba inali Okapi. Amene munauona mukuukumbuka: chogwirira cha mtengo wofiirira, pamenepo atakhomapo mwezi ndi nyenyezi, kumsana kuli kamphete kokoka ukafuna kuupinda. Ukamautsegula unkalira kuti gwedegwede, ndipo mwana aliyense m'mudzi ankadziwa kulira kumeneko. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, ndipo anaupangira dala msika wa ku Africa kuno. Dzina analitenga ku nyama ya m'nkhalango za ku Congo yomwe azungu anali atangoidziwa kumene mu 1901. Chitsulo chake chinkachita dzimbiri ukachisiya panyontho, koma chinkamva mwala. Kungokwecha kangapo pa mwala wa pamtsinje, basi wathwa moti n'kumeta nawo cheya cha pamkono.

Njira yaikulu yomwe mipeni yotere inkadzera inali ya ku Joni ndi ku Halale. Wenela ndi Mthandizi ankatenga amuna kupita nawo kumigodi ndi kumafamu, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Munthu akamabwerako ankatsika ndi bokosi la chitsulo: bulangete, jekete, wailesi, nsapato, ndipo m'thumba muli Okapi. Njinga siinkatheka kugulira aliyense, koma mpeni unali mphatso yokwanira kupatsa mphwako kapena apongozi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Anadzatsegulanso mu 1977, nthawi ya Teba, koma anthu sanachulukenso ngati kale, ndipo mu 1988 zinathera pomwepo pa mkangano woyeza kachilombo ka Edzi. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 1988 ndi chimene makina opangira Okapi anasamutsidwa ku Germany kupita ku Isithebe, m'chigawo chomwe lero ndi KwaZulu-Natal. Mpeni unasendera pafupi pamene njira youtengera inkatsekeka.

Nanga ankachita nawo chiyani tsiku lonse? Funso labwino ndi lakuti, n'chiyani chomwe ankachita popanda iwo. Nyumba inkamangidwa ndi luzi, ndipo luzi umachita kusenda pa mtengo wa mombo. Nkhokwe, lichero, dengu, mono wa nsomba, zonsezo ndi nsungwi yong'amba n'kupala bwinobwino. Mkeka ndi mlaza wong'amba. Mpini wa khasu ukasema ndi kasemasema umamalizira ndi mpeni kuti usatupitse manja. Msodzi wa ku Chilwa kapena ku Chiuta ankadulira ulusi posoka ukonde, n'kutumbulira mlamba asanauwambe. Munthu wa paulendo ankasendera chinangwa, mzimbe ndi mango, kudulira fodya wa chingambwe, kuchotsera minga kuphazi, kuwengera zikhadabo, ngakhale kusongolera pensulo ya mwana. Mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, unkanenedwa ndi anthu oti chosemera anali nacho pomwepo m'thumba. Bambo wa lero angaseme ndi chiyani, ndi foni?

Ndiye pali ntchito ina yomwe a kumpoto ndi pakati mwina simuidziwa bwino. Kuno ku Machinga, ndi mbali zina za Balaka ndi Mangochi, Asilamu ndi ochuluka, ndipo nyama yosachinja sadya. Tsono pa ukwati, pa maliro kapena pa sadaka, ngakhale mwini mwambo akhale Mkhristu, amaitana mnzake wachisilamu kuti adzachinje mbuzi kapena nkhuku kuti aliyense adye popanda kufunsa mafunso. Mkulu woteroyo sankabwereka mpeni wa pakhomo, womwe sakudziwa kuti dzulo unadula chiyani. Ankatulutsa wake, wakuthwa kuti nyama isazunzike. Kampeni kameneko kagwirizanitsa midzi yambiri kuposa misonkhano ina yomwe timaimva pa wailesi.

Chinapha mpeni wa m'thumba poyamba si lamulo ayi, ndi pulasitiki. Ndikunena izi monga munthu amene ndimagulitsa ziwiya pa benchi, ndipo ndimaona zomwe anthu akufuna. Luzi walowedwa m'malo ndi linya, mphira ndi misomali, komanso mitengo ya mombo yoti usendepo luzi inapita ndi makala. Dengu lagonja kwa beseni, mono wagonja kwa neti. Zinthu zambiri zikubwera zoduladula kale: shuga wa m'timapepala, sopo wodula, mafuta omanga m'tipulasitiki, mzimbe wosenda kale uli mu jumbo. Zonsezi umang'amba ndi mano kapena chala. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, nkhani n'kukhala ikuzungulira m'makhoti zaka zambiri, koma olo majumbo atatha mawa, palibe abwerere kukasenda luzi. Ntchito zing'onozing'ono zotsala anazitenga lezala, yemwe mtengo wake ndi wa switi.

Lezala ameneyu analowanso mpaka ku ndagala. Kale ngaliba anali ndi mpeni wake umodzi wolemekezeka, anyamata onse a jando n'kudutsa pa womwewo. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, uthenga wa azaumoyo unakhala wakuti chitsulo chomwe chakhudza magazi a wina chisakhudze mnzake. Pang'onopang'ono mafumu ndi angaliba anayamba kuvomera kuti mwana aliyense akhale ndi lezala lake, ndipo lero makolo ambiri amayamba apita ndi ana kuchipatala, ku ndagala n'kukangolandira mwambo. Apa sindidandaula ngakhale pang'ono, moyo wa ana ndi waukulu kuposa chitsulo. Ndikungonena kuti mbadwo wathu unakula ukumva kuti mpeni wa mnzako ndi chinthu choopa.

Mantha ndiwo anamaliza. Ku Joni komweko Okapi anali ataipa kale mbiri chifukwa cha atsotsi, moti dzina lake linkamveka kwambiri m'nkhani zobayana kumowa, ndipo mu 2013 South Africa inakhazikitsa lamulo latsopano la zida zoopsa. Achinyamata athu a ku Machinga ndi Mangochi omwe akupita ku Joni masiku ano amadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, paliponse akusechedwa, ena mapepala osakwanira. Ndani angawonjezere mlandu ndi mpeni m'thumba? Amabwera ndi foni, sipika ndi sola.

Kuno kwathu malamulo amaletsa kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka, ndipo chifukwa chomvekacho amene amachiweruza poyamba ndi wapolisi amene wakugwirayo. Ife a geni timalawira mdima kukapikula katundu. Zaka zonse zija za vakabu, kungopezeka panjira usiku unali kale mlandu, mpaka mu January 2017 pomwe khoti lalikulu linagamula kuti ndime imeneyo ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa wamalonda mnzathu wogulitsa majumbo yemwe anagwidwa m'mamawa akupita ku Limbe. Taganizani munthu ngati ameneyo akanapezeka ndi Okapi. Akanafotokoza kuti ndi wosendera chinangwa, ndani akanamumvera?

Ndipo wapolisi ndi bwino, amakutengera ku siteshoni. Choopsa ndi gulu. Kuyambira cha m'ma 2014 boma lathu la Machinga linatchuka ndi nkhani yochititsa manyazi, ya kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athu achialubino. Mu 2017 kunabuka mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokhala alendo onyamula chikwama. M'nyengo ngati zimenezo, mlendo wotsika minibasi pa Nsanama kapena pa Ntaja, anthu n'kumupisa m'thumba n'kupezamo mpeni, sapatsidwa mpata wonena kuti ndi mphatso ya malemu bambo ake. Chida chomwe agogo ankachitulutsa pabwalo la mfumu n'kumasendera mzimbe mlandu uli mkati, lero chingaphetse mdzukulu wawo.

Musaganize kuti ndi ife tokha. Ndege zija zitaombetsedwa ku America pa 11 September 2001, achiwembu atagwiritsa ntchito timipeni, mabwalo a ndege padziko lonse analetsa mipeni m'thumba. Kampani ya Victorinox ya ku Switzerland, yomwe yakhala ikupanga mipeni kuyambira 1884, malonda ake a mipeni ya m'thumba anagwa kwambiri, ndipo mnzake Wenger anafooka mpaka Victorinox inamugula mu 2005. Mu 2024 mkulu wa kampaniyo ananena kuti akukonza zida za m'thumba zopanda mpeni. Mpeni wopanda mpeni, abale! Ndiye ngati eni ake afika pamenepo, ife a pa Nsanama tinene chiyani.

Pa benchi langa mipeni ilipo, koma ndi ya kukhitchini, ya ku China, yonyezimira ngati galasi, chogwirira cha pulasitiki. Amayi amagula, pakatha miyezi ingapo chogwirira chathyoka, abweranso. Kwa ine ndi phindu, koma chilungamo chake chitsulo chimenecho sichimva mwala. Amene amadziwa mpeni amapita kwa osula omwe atsala, aja amasula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto kapena sowo yakutha, n'kuika chogwirira cha mtengo chomanga ndi waya. Ogula kumeneko ndi opha mbuzi, owotcha kanyenya, asodzi, ndi oluka malichero. Onsewo mpeni amausiya pamalo a ntchito kapena amaukulunga m'chiguduli pansi pa chikwama, sauika m'thumba la buluku. Wopinda ndinasiya kuoda, chifukwa unkangochita dzimbiri m'katoni, ndipo wofunsa akapezeka amakhala mkulu wa imvi, amene amautsegula, kuuyesa pa chala, n'kupukusa mutu kuti si womwe uja.

Anzanga a ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba, kwanuko ndiye kunali matchona ambiri. Ngati m'bokosi la agogo muli Okapi wolembedwa kuti Germany, tajambulani mutiponyere pansipa timuone.